Makapisozi Omangidwa Pamsonga pa Chitenje

Mvula yoyamba ikagwa, ambiri a ife timathamangira kukatchera ndowa pansi pa malata, ena kukatulutsa mbewu zimene anasunga. Pali mayi ena a mu mpingo mwathu amene zimenezi sazichitanso. Mvula ikangoyamba kugunda malata, iwo amasiya mphika pamoto, n'kukakhala pakona ya chipinda atakumbatira mwana wawo wamng'ono mwamphamvu mpaka mwanayo kuyamba kulira. Mayiwa ankakhala m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala mu Marichi 2023. Iwo anapulumuka pamodzi ndi banja lawo. Mng'ono wawo, amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pa yawo, sanapezeke mpaka lero. Andilola kufotokoza nkhani yawo bola ndisatchule dzina, ndipo zina ndazisintha kuti asadziwike.

Banjali linasamukira kumalo a chidikha, kutali ndi phiri. Abale a mu mpingo anathandiza ndi malata, amayi a Dorika anabweretsa zofunda ndi ziwiya, ndipo aliyense ankaona ngati nkhani yatha. Koma mayiwo tulo analibe. Akangotseka maso ankamva mkokomo uja. Lole ikadutsa pamsewu, mtima unkagunda ngati utuluka. Minibasi ya ku Chilobwe sankakweranso, ngakhale kumeneko kuli apongozi awo. Anasiya kwaya. Mwana akagwetsa mbale ankamukalipira mopitirira, kenako n'kukalira okha kuseri kwa nyumba.

Patapita nthawi yaitali amuna awo anawaperekeza kuchipatala, ndipo anabwerako ndi makapisozi a fluoxetine. Sabata lina titaweruka mapemphero anandikokera pambali, n'kumasula pamsonga pa chitenje. Makapisoziwo anali osakhudza, chikhalirecho panali patatha masabata atatu chiwalandirireni. "A nesi," anatero, "ine si wamisala. Komanso mlongo wina wandiuza kuti mabuku athu amaletsa mankhwala oterewa, ndikamwa ndiye kuti ndasiya kudalira Mulungu. Nanga ndichite bwanji?"

Funso limeneli ndalimva kangapo, kuchokera kwa amayi ndi abambo omwe, n'chifukwa chake mwezi uno ndaganiza kuti tikambirane za mankhwala amenewa.

Matenda amene mayiwa ali nawo madokotala amawatchula mwachidule kuti PTSD. M'Chichewa tilibe dzina lalifupi. Tingoti ndi kuvutika maganizo kumene kumatsalira mwa munthu atakumana ndi zoopsa zofuna kuchotsa moyo wake, kapena ataona ena akufa ngakhale kuvulala koopsa. Asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ankabwerera kwawo akunjenjemera ndi kubwebweta usiku, ndipo ambiri ankanenedwa kuti ndi amantha chabe. Dzina la PTSD linalowa m'buku la madokotala a matenda a maganizo a ku America mu 1980, makamaka chifukwa cha asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam komanso amayi amene anagwiriridwa. Kwathu kuno tinawaona dzinalo tisanalimve. Amene munakhala ku Nsanje, Dedza kapena Ntcheu nthawi imene anthu a ku Mozambique ankathawa nkhondo m'zaka za m'ma 1980 mukukumbukira ena amene ankadzigwetsa pansi tayala la galimoto likaphulika. Enanso anabwera nawo pa mabasi ochokera ku South Africa mu 2008 ndi 2015, atathawa zipolowe zothamangitsa alendo. Ngozi ya minibasi, mbava za zikwanje usiku, kugwiriridwa, kumenyedwa m'banja, ngakhale uchembere umene unatsala pang'ono kutenga moyo, zonsezi zingathe kuwayambitsa.

Munthu aliyense amene wakumana ndi zoopsa amasokonezeka masiku oyambirira. Amadzidzimuka, amalota zoipa, chakudya sichilowa. Zimenezi si matenda, ndipo anthu ambiri amachira okha pakatha masabata angapo, makamaka ngati ali pamalo otetezeka ndipo abale ali pafupi. Timayamba kunena za PTSD zikapitirira mwezi umodzi n'kumasokoneza ntchito ndi banja: ngoziyo imabwerabwera m'maloto ndi masana ngati ikuchitika panopa, munthu amazemba malo, anthu ndi nkhani zomukumbutsa, amakhala tcheru nthawi zonse ngati mlonda, ndipo nthawi zambiri amadziimba mlandu kuti chifukwa chiyani iye anatsala ena n'kupita.

Mkati mwa ubongo muli kachiwalo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ikufanana ndi ya galu wa pakhomo. Kakazindikira choopsa kamauwa, thupi n'kutulutsa adrenaline, mtima n'kuthamanga, miyendo n'kukonzeka kuthawa. Ngozi ikadutsa, mbali ya kutsogolo kwa ubongo, imene imaganiza modekha, imamuuza galuyo kuti agone pansi. Mwa munthu wa PTSD galuyo samveranso. Amauwa mphepo, amauwa lole, amauwa mvula. Ichi ndi chifanizo chabe, koma chikutithandiza kuona kuti kuuza munthu wotere kuti "limbani mtima, iwalani" n'chimodzimodzi kuuza wodwala BP kuti atsitse yekha kuthamanga kwa magazi pongofuna.

Ndinene mosabisa kuti mapiritsi si chithandizo choyamba cha matendawa. Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2013, komanso a bungwe la NICE ku Britain a mu 2018, amaika patsogolo uphungu wolunjika pa ngoziyo. Uphungu umenewu ndi wosiyana ndi kucheza kolimbikitsana kumene timachita tikakazonda wodwala. Phungu wophunzitsidwa amakumana ndi munthuyo kamodzi pa sabata, kawirikawiri maulendo 8 mpaka 12, n'kumamuthandiza kuyang'anizana ndi zimene zinachitika pang'onopang'ono, kufikira ubongo utavomereza kuti zija n'zakale. Njira ina yotchedwa EMDR imachita zomwezo munthu akutsatira ndi maso chala cha phungu chikuyenda uku ndi uku. Ubwino wa uphungu ndi wakuti phindu lake limakhalabe ngakhale maulendo atatha.

Vuto lathu mukulidziwa kale. Aphungu oterewa ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'mizinda: ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena ku Chainama ku Lusaka kwa abale athu a ku Zambia. Mayi wa ku Phalombe sangapeze ndalama yokwerera basi maulendo khumi. M'zipatala zambiri za maboma muli namwino kapena kiliniko ofesala amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo chimene amakhala nacho pafupi nthawi zambiri ndi mankhwala. Malangizo a WHO aja amavomereza mankhwala pamene uphungu sukupezeka, pamene wayesedwa koma sunathandize, kapena pamene munthuyo alinso ndi matenda okhumudwa kwambiri, amene amakonda kuyendera limodzi ndi PTSD. Palinso anthu ena amene mantha awo ndi aakulu moti sangathe kukhala pansi ndi phungu n'kutchula za ngoziyo. Kwa amenewa mankhwala amatsitsa mantha kufika poti uphungu ungayambike.

Mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi omwe aja a matenda okhumudwa, a gulu lotchedwa SSRI. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza sertraline kuti azichiza PTSD mu 1999, ndipo paroxetine mu 2001. Fluoxetine ndi wa gulu lomwelo, ndipo ndi amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala za boma kwathu kuno. Venlafaxine ndi wa gulu lina loyandikana nalo. Palinso amitriptyline, mankhwala akale amene ambiri mumawadziwa chifukwa amaperekedwanso kwa anthu omva kuwotcha ndi dzanzi m'mapazi. Onsewa amasintha mmene timadzi tonyamula mauthenga mu ubongo, makamaka totchedwa serotonin, timagwirira ntchito. Sagonetsa munthu ngati mankhwala a opaleshoni, samusandutsa chidole, ndipo safufuta zimene anaona. Mayi wa ku Soche adzakumbukirabe mng'ono wake. Chimene mankhwala amachita ndi kuchepetsa kuuwa kwa galu uja, kuti munthu agoneko, asamadzidzimuke ndi chilichonse, ndiponso athe kutuluka m'nyumba.

Sathandiza aliyense mofanana. Ena amasintha kwambiri, ena pang'ono, ndipo alipo amene mtundu woyamba suwathandiza konse mpaka dokotala atawasinthira wina. Amene angakuuzeni kuti ndi mankhwala ochiza zonse akunama, chimodzimodzinso amene angakuuzeni kuti ndi opanda ntchito.

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera: zovuta za mankhwalawa zimabwera msanga, ubwino wake umabwera mochedwa. Sabata loyamba ndi lachiwiri munthu angamve nseru, mutu kupweteka, kutsegula m'mimba pang'ono, kapena kusowa tulo, ndipo ena amaona ngati nkhawa yawonjezeka. Ubwino umayamba kuoneka pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo kuti tinene motsimikiza kuti mankhwala agwira kapena ayi pamafunika masabata 8, nthawi zina mpaka 12. Tinazolowera Panado amene amaziziritsa mutu ola lisanathe, ndi LA wa malungo amene timamaliza m'masiku atatu. Munthu akamwa fluoxetine masiku asanu n'kuona nseru yokhayokha, amaponya makapisozi m'chimbudzi n'kunena kuti sakuyanjana ndi magazi ake. Zovuta zoyambirirazi nthawi zambiri zimatha zokha. Kumwera pa chakudya kumachepetsa nseru. Fluoxetine ndi bwino kumwa m'mawa chifukwa amatha kuthawitsa tulo, pamene amitriptyline amamwedwa usiku chifukwa amagonetsa, amaumitsa m'kamwa, ndipo ena amadzimbidwa naye.

Pali chovuta china chimene odwala sanena ndipo ife a chipatala timachita nacho manyazi kufunsa. Mankhwala a gulu la SSRI amatha kuchepetsa chilakolako cha m'banja kapena kuchedwetsa kumaliza, kwa abambo ndi amayi omwe. Ndaonapo banja likutsala pang'ono kupita kwa ankhoswe chifukwa cha zimenezi, mayi akuganiza kuti bambo apeza wina kunjaku. Zikachitika kauzeni dokotala. Angathe kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu, ndipo mnzanu wa m'banja ndi bwino adziwiretu kuyambira pachiyambi.

Mankhwala akagwira, musathamangire kusiya. Kawirikawiri amapitirizidwa kwa miyezi 6 mpaka 12 munthu atayamba kupeza bwino, chifukwa osiya msanga ambiri matenda amawabwerera. Nthawi yosiya ikakwana, dokotala amachepetsa mlingo pang'onopang'ono. Mankhwalawa sachititsa chibaba ngati fodya kapena mowa, munthu salakalaka kuwonjezera, koma thupi limawazolowera, ndipo kuwadula mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, kukwiya msanga, maloto oipa, ndi kumva ngati magetsi akukugwira m'mutu. Paroxetine ndi venlafaxine ndi amene amavuta kwambiri pa zimenezi. Fluoxetine amakhalitsa m'thupi, choncho kudumpha tsiku limodzi kapena awiri sikusokoneza kwambiri. Izi n'zofunika kuzidziwa kwathu kuno, kumene mungafike pa windo la mankhwala n'kuuzidwa kuti atha, kagulani. Musadikire kapisozi womaliza. Pitani kukadatsala a sabata lathunthu, kuti ngati kulibe mukhale ndi nthawi yofunafuna. Ndipo pa masiku a kusala kudya ndi kupemphera, mankhwala apitirire monga mwa masiku onse.

Tsopano za diazepam, amene ambiri amamudziwa kuti Valium. Ameneyu ndiye amandidetsa nkhawa kuposa onse, chifukwa amachita zimene munthu wamantha akufuna: amagwira msanga, mtima umakhala pansi, tulo timabwera usiku womwewo. N'chifukwa chake pakachitika ngozi kapena maliro odzidzimutsa pamapezeka wina wotulutsa timapiritsi m'chikwama kuti "mupatseni agoneko". Malangizo a WHO a 2013 aja amanena kuti mankhwala a gulu limeneli asaperekedwe pofuna kuchepetsa mantha kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba munthu atakumana ndi zoopsa. Sateteza munthu ku PTSD, sachiza PTSD, ndipo amatha kusokoneza ntchito imene ubongo uyenera kugwira yozolowera kuti ngozi yadutsa. Choipitsitsa n'chakuti pakangotha masabata ochepa thupi limayamba kuwadalira. Piritsi limodzi silikwaniranso, pamafunika awiri, ndipo munthu akasiya mwadzidzidzi angathe kukomoka ngati wa khunyu. Okalamba amagwa nawo n'kuthyoka. Akaphatikizana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma. Diazepam ali ndi ntchito yake yabwino kuchipatala, monga kuletsa kukomoka, koma si wa matenda amenewa. Ngati mwakhala mukumwa kwa miyezi, musasiye lero lomwe chifukwa mwawerenga nkhaniyi. Pitani kuchipatala akakuchepetsereni mwa ndondomeko.

Ndatchula mowa, ndipo wina anena kuti m'nyumba zathu za Chiadiventi mulibe zimenezo. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Munthu amene watha miyezi itatu osagona amayesa chilichonse, ndipo ndikudziwa abale okhulupirika amene anayamba kumwa mobisa kapena kusuta chamba ngozi itawachitikira, osati chifukwa chokonda chisangalalo koma pofuna tulo. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku ndi kuwonjezera maloto oipa. Mkulu wa mpingo akamva fungo pa m'bale wotere, asanaitanitse bodi ayambe wafunsa kuti m'baleyo amagona bwanji usiku.

Pa nkhani ya maloto oipa pali mankhwala ena otchedwa prazosin, amene poyamba anapangidwira BP. Dokotala wina wa ku Seattle ku America, Murray Raskind, anaona kuti asilikali akale amene ankamwa mankhwalawa maloto a nkhondo ankawachepera, ndipo kafukufuku woyambirira anaonetsa zomwezo. Koma kafukufuku wamkulu wa asilikali akale oposa 300 amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti prazosin sanapose mapiritsi opanda mankhwala. Madokotala ena amamuperekabe kwa odwala ena ndipo amathandizika, koma amatsitsa BP, moti munthu angagwe podzuka pabedi. Amene muli ku Britain kapena ku South Africa mwinanso munawerenga pa foni za MDMA, mankhwala ozunguza ubongo amene ankayesedwa pamodzi ndi uphungu. FDA inakana kuwavomereza mu Ogasiti 2024, n'kupempha kafukufuku wina. Zogulitsidwa mumsewu ndi dzina limenelo zisakunyengeni.

Tibwerere ku funso la mayi aja, lakuti mabuku athu amaletsa. N'zoona kuti Ellen White analemba mawu amphamvu otsutsa mankhwala, makamaka m'zaka za m'ma 1860. Koma tiyenera kufunsa kuti madokotala a nthawi imeneyo ankapereka chiyani. Ankapereka calomel, amene ndi mercury, ankapereka strychnine, arsenic ndi opium, popanda kuyesa kulikonse, ndipo odwala ambiri ankafa ndi mankhwalawo. Zimenezo n'zimene ankadzudzula, ndipo ankanena zoona. M'buku la The Ministry of Healing la 1905, pa mutu wonena za kupempherera odwala, anaphunzitsa kuti kugwiritsa ntchito njira zochizira zimene Mulungu wapereka si kukana chikhulupiriro. Iye mwini mu 1911 analandira chithandizo cha X-ray pa chotupa cha pamphumi.

Mbiri yathu ya ku Africa kuno ili ndi phunziro lowawa pa nkhani yomweyi. Mu 1898 malungo anapha amishonale angapo pa Solusi, pafupi ndi Bulawayo, kuphatikizapo mtsogoleri wa mishoniyo ndi dokotala wake. Ambiri a iwo ankakana kwinini poganiza kuti akutsata uphungu wa zaumoyo. F. B. Armitage, amene ankamwa kwinini, anapulumuka. Mpingo womwewu ndi umene pambuyo pake unamanga chipatala cha Malamulo ku Makwasa, chimene chinatchuka ndi kuchiza khate, ndipo lero mu famase yake muli mankhwala odzaza mashelefu. Mfumu Hezekiya atapemphera n'kulonjezedwa zaka zina 15, mneneri Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake. Eliya atathawa Yezebeli n'kupempha kuti afe, mngelo anayamba wamupatsa chakudya ndi madzi n'kumulola kugona. Palibe wa ife amene amauza wodwala shuga kuti ataye insulin kuti aonetse chikhulupiriro. Ubongo ndi chiwalo cha thupi ngati kapamba. Zimandipweteka kuona kuti wodwala shuga timamupempherera n'kumuperekeza kuchipatala, koma wodwala maganizo timamupempherera n'kumulanda mankhwala.

Uphungu wathu wa zaumoyo uli ndi malo ake enieni pa matendawa. Kuyenda ndawala tsiku ndi tsiku, kugwira ntchito ya manja padzuwa, kugona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi, kupewa khofi, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimene zimathamangitsa mtima umene ukuthamanga kale, kupuma kwa Sabata pakati pa anthu okukonda, zonsezi zimathandiza, ndipo dokotala aliyense wabwino angakuuzeni zomwezo. Ziyendere limodzi ndi chithandizo. Chenjezo langa lili pa zitsamba zogulitsidwa m'mabotolo ndi mawu akuti "zachilengedwe". Chitsamba chotchedwa St John's wort, chimene chimagulitsidwa m'masitolo ena a zaumoyo ngati chothandiza nkhawa, chikaphatikizana ndi SSRI chimatha kuyambitsa kutentha thupi, kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu. Chimafooketsanso ma ARV ena ndi mapiritsi olera.

Popita kuchipatala tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula pa golosale. Tramadol sagwirizana ndi SSRI. Ibuprofen, diclofenac ndi aspirin akamamwedwa kawirikawiri pamodzi ndi SSRI amawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba. Rifampicin wa TB ndi ma ARV ena amachepetsa mphamvu ya ena mwa mankhwalawa, choncho dokotala ayenera kudziwa kuti akonze mlingo, osati kuti musiye a TB kapena ma ARV ayi. Venlafaxine amatha kukweza BP. Mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati anene, chifukwa paroxetine amapewedwa miyezi yoyambirira ya mimba, pamene sertraline ndi amene madokotala amakonda kusankhira mayi woyamwitsa. Amene munadwalapo nthenda yosangalala mopitirira, yosagona masiku angapo uku mukuyankhula kosalekeza ndi kumwaza ndalama, nenani musanayambe, pakuti mankhwalawa angaidzutse. Kwa ana osakwana zaka 18, malangizo a NICE aja salola kuchiza PTSD ndi mankhwala. Mwana amafunika uphungu ndi makolo odekha.

Chenjezo lalikulu ndi ili. Mwa achinyamata osakwana zaka 25, masabata oyambirira a mankhwalawa amatha kuwonjezera maganizo ofuna kudzipha. Sizichitika kwa ambiri, koma zimachitika, ndipo matenda enieniwo amabweretsanso maganizo omwewo. Wina wa m'nyumbamo adziwe kuti mankhwala ayambika, ndipo azifunsa molunjika kuti, "Kodi ukumaganiza zodzipha?" Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Yankho likakhala lakuti inde, kapena mukaona kuti sakukhazikika ndipo akutsanzika modabwitsa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, likhale Sabata kapena usiku. Chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe pamene angawafikire. Amitriptyline akamwedwa wambiri nthawi imodzi amaimitsa mtima, choncho asungidwe ndi munthu wina wamkulu, kutali ndi ana, n'kumaperekedwa a tsiku limenelo okha.

Ife a mu mpingo tichepetseko changu chofuna umboni. Munthu amene wapulumuka pa ngozi timakonda kumuimiritsa kutsogolo Sabata lotsatira kuti afotokoze mmene Ambuye anamupulumutsira. Ena amafuna, ndipo n'zabwino. Ena timawakakamiza kubwereza usiku woopsa uja pamaso pa anthu mazana awiri, kenako n'kupita kwathu kukadya nkhomaliro, iwo n'kutsala nazo okha. Mayi a ku Soche anaimiritsidwa katatu, kamodzi pa msonkhano wa misasa, ndipo ulendo uliwonse ankatha masiku angapo osagona. Anthu ankawauza kuti ayamike poti anapulumuka, pamene mumtima mwawo funso linali lakuti mng'ono wawo analakwa chiyani.

Tsiku lija tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi mpaka madikoni atatseka zitseko. Ndinawapempha kuti abwerere kuchipatala akanene zoona kuti sanayambe kumwa, ndipo amuna awo apite nawo. Anayamba Lachiwiri lotsatira. Sabata lachiwiri anandiimbira foni kuti nseru yawakwana ndipo akusiya. Tinagwirizana kuti azimwera pa phala la m'mawa n'kupirira masiku ena khumi. Cha m'sabata lachisanu ndi chiwiri amuna awo ndi amene anandiuza, akuseka, kuti mayi anagona mpaka tambala wachiwiri, moti phala la ana a sukulu anaphika ndi iwo, n'kulipsereza.

Mvula amaiopabe. Ikagwa yamphamvu amadzuka n'kuyatsa nyali, koma mwana samukumbatiranso mpaka kulira. Anabwerera ku kwaya. Kwa apongozi ku Chilobwe anapitako kamodzi, masana, mwezi wa Ogasiti kulibe mtambo ngakhale umodzi. Tsopano akukumana ndi phungu kawiri pa mwezi, chifukwa ndalama ya minibasi ya sabata ndi sabata palibe. Dokotala wawauza kuti za kuchepetsa mlingo adzakambirana mu Meyi, dzinja likadutsa.